Kuyendetsa sefa ya m'fakitale pa sikirini yodina ndi chala: mafunso ndi mayankho

Tsambali ndi la anthu amene amaima pa bokosi la makina a sefa tsiku ndi tsiku: oyendetsa makina, akapitawo a shifiti, ndiponso amene angoyamba kumene ntchito n'kupatsidwa sikirini popanda wowalongosolera bwinobwino. Masefa a m'mafakitale alipo amitundumitundu, koma pano tikamba kwambiri za awiri amene amapezeka paliponse: sefa ya madzi yodzitsuka yokha, ndi sefa ya fumbi ya matumba a nsalu imene imakutumulidwa ndi mpweya. Manambala amene tatchula ndi ofala chabe. A makina anu enieniwo ali m'buku la wopanga, ndipo akasiyana ndi athuwa, tsatirani a m'bukumo.

Kodi sikiriniyo ndi imene imayendetsa sefa?

Ayi. Woyendetsa weniweni ndi kakompyuta kolimba kamene kali m'kati mwa bokosi lamagetsi, kotchedwa PLC. Ndi kameneko kamene kamalandira uthenga kuchokera ku masensa (tizipangizo toyeza zinthu monga puresha), kutsegula ndi kutseka mavalavu, kuyatsa mota, ndi kuwerengera masekondi. Sikirini, imene amisiri amaitcha HMI, imangokuonetsani zimene PLC ikuona, n'kukapereka kwa PLC zimene inu mwapempha. Ziwirizi zimalankhulana pa waya wa Ethernet kapena RS-485, m'chinenero monga Modbus, chimene kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo chikugwirabe ntchito mpaka lero, kapena Profinet, chofala pa makina a Siemens.

Ndiye kuti sikirini ikazima, sefa nthawi zambiri imapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Komanso mukadina batani, mwangopempha basi. PLC ikhoza kukana, ndipo ikakana pamakhala chifukwa. Pali timakina tina tating'ono timene PLC ndi sikirini zili m'chipangizo chimodzi. Timeneto tikazima, zonse zazima.

Pa manambala onsewa, ndiyang'ane iti kwenikweni?

Yang'anani kusiyana kwa puresha pakati pa polowera ndi potulukira. Pa sikirini pamalembedwa DP, dP kapena ΔP. Sefa ikakhala yoyera, madzi kapena mpweya umadutsa mosavuta ndipo kusiyanaku kumakhala kochepa. Zinyalala zikayamba kuunjikana, timabowo timatsekeka, DP n'kumakwera. Nkhani yonse ya sefa yagona pa nambala imeneyi.

Musanaikhulupirire, onani kaye muyezo wake. Sefa ya madzi imaonetsa bar, kPa kapena psi: 1 bar ndi 100 kPa, kapena pafupifupi 14.5 psi. Masefa ambiri odzitsuka okha amayamba kutsuka DP ikafika cha m'ma 0.5 bar. Sefa ya fumbi imagwira ntchito ndi manambala ang'onoang'ono zedi, nthawi zambiri 1000 mpaka 1500 Pa, amene sakwana n'komwe 0.02 bar. Munthu wozolowera makina amodzi akasamukira pa ena, n'kosavuta kuti aone "7" n'kuganiza bar pamene ndi psi.

Koma nambala ya panthawiyo yokha siuza zambiri. Tsegulani tsamba la TREND, limene limajambula mzere wa DP wa maola apitawo. Pa sefa yabwinobwino mzerewu umaoneka ngati mano a sowo: kukwera pang'onopang'ono, kugwa mwadzidzidzi, kukweranso. Pamenepo onani zinthu zitatu. Mano akayamba kuthinana, ndiye kuti zimene zikulowa zadetsedwa kuposa kale, kapena madzi akudutsa ambiri. Pansi pa mano pakamakwera sabata ndi sabata, kutanthauza kuti sefa ikatsuka sikubwereranso pa nambala yake yakale, ndiye kuti nsalu kapena waya wosefera wayamba kumatirira ndipo kutsuka sikukumutha. Mzere ukangoti gwaa osakwera, osatsika, musasangalale: kaya sensa yafa, kaya chosefera chang'ambika ndipo zinyalala zikungodutsa.

Chinanso chimene ambiri amaiwala: DP imakwera madzi akamathamanga kwambiri, ngakhale sefa ili yoyera. Mukafuna kuyerekeza ya lero ndi ya mwezi watha, yerekezani pamene madzi akudutsa mofanana.

Sefa imadziwa bwanji kuti nthawi yotsuka yakwana, ndipo ndione chiyani ikamatsuka?

Njira zake n'zitatu: DP ikafika pa nambala yoikidwa, nthawi yoikidwa ikatha, kapena munthu akadina batani lotsukira. Makina ambiri amaphatikiza ziwiri zoyambazo. Wotchi imakhalapo ngati mlonda, kuti ngakhale madzi atakhala oyera ndipo DP sikukwera, sefa izitsukabe kamodzi pa maola angapo, zinyalala zisaumirire.

Pa sefa ya madzi zimayenda chonchi. Mawu a pamwamba pa sikirini amasintha kuchoka pa FILTERING kupita pa FLUSHING kapena BACKWASH. Mumamva solenoidi, kavalavu koyendera magetsi, ikuti "tswa", kachithunzi ka valavu yotayira kasintha mtundu, mota yayamba, madzi akuda akukokoma m'paipi yotayira. Kanambala ka masekondi kamatsika, DP imagwa, valavu imatseka, ndipo chiwerengero cha maulendo otsuka chimawonjezeka ndi 1. Pa masefa a waya zonsezi sizikwana mphindi imodzi nthawi zambiri. A mchenga amatenga mphindi zingapo. Ngati sikirini ikuti valavu yatseguka koma m'paipi muli zii, khulupirirani makutu anu. Pa makina ena kachithunziko kamangosonyeza kuti PLC yalamula, osati kuti valavu yamveradi.

Pa sefa ya fumbi, mavalavu amawombera mpweya wa 5 mpaka 7 bar m'matumba, mzere umodzi umodzi, kwa kanthawi kochepa ngati 0.1 sekondi. Mukaima pafupi mumamva "phu", kenako chete, kenako "phu", motsatana bwino. Sikirini imaonetsa nambala ya valavu imene yawombera. Nambala ikasintha koma phokoso osamveka, lembani nambalayo. Mwapeza valavu yakufa popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi.

AUTO, MANUAL, LOCAL, REMOTE: zikusiyana bwanji?

Pa AUTO, PLC imapanga zonse yokha motsata ndondomeko yake. Pa MANUAL, pena pamalembedwa HAND, inu ndi amene mumatsegula valavu iliyonse ndi kuyatsa mota iliyonse. MANUAL ndi ya poyesa ndi pokonza, ndipo pa makina ena zotetezera zina sizigwira ntchito muli mmenemo. Vuto lofala kwambiri si kuononga chinthu pa MANUAL ayi, koma kuiwala kubwezera pa AUTO. Sefa imatha usiku wonse osatsuka, m'mawa anthu n'kumadabwa kuti madzi athawira kuti.

LOCAL ndi REMOTE zimanena za amene ali ndi ulamuliro: sikirini imene mwaimapoyo, kapena chipinda choyang'anira fakitale yonse. Pa REMOTE makina akhoza kuyamba okha inu muli pomwepo, chifukwa wina wadina batani kutali.

Ndikudina batani koma palibe chikuchitika. Sikirini yafa?

Kawirikawiri siinafe. Yambani ndi zosavuta. Kodi mwalowa ndi dzina ndi pasiwedi yanu? Sikirini zambiri zimakutulutsani zokha pakapita mphindi zingapo osazikhudza. Kodi makina ali pa REMOTE? Kodi batanilo latuwa? Batani lotuwa limatanthauza kuti PLC ikudikira china chake: puresha ya mpweya yatsika, chitseko sichinatsekeke, batani lofiira la ngozi silinabwezeretsedwe, kapena pali alamu imene siinathe. Fufuzani tsamba lolembedwa INTERLOCKS kapena PERMISSIVES, limene limandandalika zonse zoyenera kukwaniritsidwa makina asanalole.

Mukaona ma #### kapena ???? m'malo mwa manambala, kapena manambala aima osagwedezeka ngakhale pang'ono, sikirini ndi PLC zasiya kumvana. Onani waya wa kumbuyo ndi timagetsi ta pa PLC.

Ngati zonsezi zili bwino, ndiye tiyang'ane galasilo. Sikirini za m'mafakitale zilipo za mitundu iwiri. Ina imamva kukanikiza: ili ndi kapulasitiki kofewa pamwamba, ndipo imalola chala, magolovesi kapena kacholembera kake. Ikakalamba imayamba kuphonya, mwadina apa iyo yamva apo, ndipo imafunika kuikonzanso pa tsamba la CALIBRATE, pamene mumadina timitanda timene timaoneka m'makona. Ina ndi ya galasi lolimba ngati la foni, imene imamva magetsi a m'thupi. Imeneyi imavuta ndi magolovesi okhuthala, ndipo madontho a madzi akhoza kuisokoneza. Iliyonse mwa ziwirizi, musaidine ndi sikuludilaiva kapena kiyi. Pitani pa makina akale mukaone batani la RESET: pamakhala kadzenje koyera pamene anthu akhala akubaya ndi zitsulo, ndipo pamenepo ndi pamene sikirini imayambira kufa.

Alamu yalira. Ndidine ACK kapena RESET?

Musanadine chilichonse, werengani. Uthengawo, nthawi yake, ndi alamu imene inayamba. Chinthu chimodzi chikalakwika chimatha kudzutsa ma alamu asanu kapena khumi, ndipo yoyamba ndi imene imanena gwero. Mpweya wa kompuresa ukatha, mwachitsanzo, muona valavu yakana kutseguka, kutsuka kwalephera, DP yakwera, madzi otuluka achepa. Mukathamangira ya pamwamba pa mndandanda mukhoza kumasula sefa yonse, chonsecho vuto lili pa kompuresa.

ACK imangouza makina kuti mwaona: belu limasiya, uthenga umaleka kuphethira, koma vuto lilipobe. RESET imauza PLC kuti iyesenso, ndipo imagwira pokhapokha chifukwa cha alamuyo chitachoka. Kudina RESET mobwerezabwereza pa mota imene yazima chifukwa cholemedwa ndi njira yachidule yoiwotchera. Ikazimanso kachiwiri, siyani, itanani wamagetsi.

Ndipo ngati pali alamu imene imalira tsiku lililonse moti aliyense amangoidina osayang'ana, inenedwe kwa injiniya kuti aikonze kapena aichotse. Alamu yotero imaphunzitsa zala kudina maso asanawerenge. Vutoli ndi lodziwika kwambiri moti linalemberedwa malamulo akeake, ISA-18.2 a mu 2009.

Sefa ikungotsuka osalekeza. Chavuta n'chiyani?

Ndiye kuti ikatsuka DP sikutsika mokwanira, PLC n'kulamulanso. Pa sefa ya madzi yambani mwayang'ana puresha ya polowera pa nthawi imene ikutsukayo, osati isanayambe. Masefa ambiri odzitsuka amafuna pafupifupi 2 bar kuti atsuke bwino, ndipo valavu yotayira ikatseguka puresha imatha kugwa pansi pa nambala imeneyo. Kenako onani ngati paipi yotayira yatsekeka kapena yapindika. Zikapanda kukhala zimenezi, mwina madzi olowa adetsedwa kuposa mphamvu ya sefa, kapena waya wosefera wamatirira ndi laimu, mafuta kapena ndere, zimene zimafuna kuutulutsa n'kuutsuka pamanja.

Pa sefa ya fumbi, mdani wamkulu ndi chinyontho. Mpweya wa kompuresa ukabwera ndi madzi kapena mafuta, fumbi limasanduka phala pa nsalu, ndipo kuwombera kulikonse kumangowonjezera vuto.

Makina ambiri amaima okha ndi kuliza alamu akatsuka kangapo motsatizana popanda phindu. Kukweza nambala ya DP kuti alamu ileke si kukonza.

DP ikuonetsa 0, kapena nambala yosamveka. Ndikhulupirire?

Masensa ambiri amatumiza uthenga wawo ngati magetsi a pakati pa 4 ndi 20 mA. 4 mA ndi poyambira muyezo, 20 mA ndi pothera. Anasankha 4 m'malo mwa 0 mwadala, kuti waya akaduka magetsi agwe pa 0 ndipo PLC izindikire kuti si muyezo weniweni. Pulogalamu yolembedwa bwino imaonetsa SENSOR FAULT kapena WIRE BREAK. Yolembedwa mwaulesi imangoonetsa 0 kapena nambala ya minus, munthu n'kumati sefa ndi yoyera.

Nthawi zambiri sensa yeniyeniyo imakhala ilibe vuto. Chimene chimatsekeka ndi timapaipi ting'onoting'ono topita ku sensa. Pa sefa ya fumbi timadzaza fumbi kapena madzi, pa ya madzi timadzaza matope. Yerekezani ndi mageji a singano amene ali pa paipi: werengani ya polowera, chotsanipo ya potulukira, muone ngati ikugwirizana ndi sikirini. N'chifukwa chake mageji amenewa sayenera kusiyidwa osweka poganiza kuti poti sikirini ilipo basi zatha.

Ndingasinthe manambala a pa tsamba la SETTINGS?

Ngati pasiwedi yanu ikulola, komanso ngati malamulo a pantchito panu akulola. Ziwirizi si chimodzi. Makina ambiri ali ndi magawo atatu: woyendetsa, kapitawo kapena wokonza, ndi injiniya. Pasiwedi ya injiniya ikalembedwa ndi cholembera cha maka m'kati mwa chitseko cha bokosi, monga zimachitikira m'malo ambiri, magawowa alibenso ntchito.

Mukasintha, jambulani kaye tsambalo kapena lembani nambala yakale. Sinthani chinthu chimodzi, dikirani muone zotsatira, ndiye musinthe china. Mukalemba nambala pa kabokosi kamene kamatulukira, dinani ENTER ndipo onetsetsani kuti yalowadi, chifukwa nambala yopyola malire imakanidwa mwakachetechete pa sikirini zina. Samalani ndi kadontho: 0.5 ndi 5.0 zimasiyana kakhumi. Samalaninso ndi ms ndi s pa nthawi yowombera mpweya, chifukwa 100 ms ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi.

Pali maganizo ofala akuti kutsuka pafupipafupi n'kwabwino nthawi zonse. Si zoona. Pa sefa ya madzi mukutaya madzi ndi kutopetsa mavalavu. Pa sefa ya fumbi n'zoipa kuposa pamenepo: kafumbi kopyapyala kamene kamakhala pa nsalu kamathandiza kugwira tinthu tating'ono kwambiri, ndiye mukamakutumula mopitirira muyezo fumbi limadutsa lambiri, matumba amatha msanga, ndipo mpweya wa kompuresa umangowonongeka. N'chifukwa chake makinawa amakhala ndi manambala awiri, ya pamwamba yoyambira kukutumula ndi ya pansi yolekera.

Ndadina STOP pa sikirini. Nditha kutsegula sefa?

Ayi, ayi ndithu. STOP ya pa sikirini ndi pempho lopita ku pulogalamu. Wotchi ikhoza kuyambitsa kutsuka, wina akhoza kuyatsa ali kutali, ndipo puresha ikadali m'kati. Musanamasule chivundikiro, zimitsani swichi yaikulu ya magetsi n'kuikhoma ndi loko wanu wokhala ndi chikwangwani cha dzina lanu, tsekani mavalavu a polowera ndi potulukira, tsekani mpweya, tulutsani puresha yotsalira mpaka geji ifike pa 0, kenako yesani kuyatsa kuti mutsimikize kuti sizikuyaka. Pa sefa ya fumbi kumbukirani thanki ya mpweya wowombera: imasunga mpweya ngakhale kompuresa yazima.

Batani la ngozi, lofiira lija lokhala pa chikasu, si la pa sikirini. Ndi batani lenileni lokhala ndi mawaya akeake, kuti ligwire ntchito ngakhale sikirini itafa. Koma nalonso sililowa m'malo mwa loko.

Chobiriwira ndi kuyenda, chofiira ndi kuima, si choncho?

Osati paliponse. M'mafakitale ambiri ndi choncho, koma m'malo ena, makamaka opanga ndi kugawa magetsi, chofiira chimatanthauza kuti chinthu chayaka. Fufuzani tsamba lofotokoza mitundu ndipo werengani mawu ali pambali pa kachithunzi. Sikirini zatsopano zambiri n'zotuwa dala, motsata malangizo a ISA-101 a mu 2015, kuti mtundu wowala uzioneka pokhapokha pakakhala vuto.

Ndiipukute ndi chiyani?

Kansalu kofewa konyowa pang'ono, ndi sopo wochepa ngati pali mafuta. Osathira madziwo pa sikirini, thirani pa kansalu. Thina ndi petulo zimadya pulasitiki. Sikirini zina zili ndi batani la CLEAN SCREEN limene limaletsa kumva kukhudza kwa masekondi angapo; ngati lilipo, ligwiritseni ntchito, kuopera kuyatsa pampu ndi kansalu. Chizindikiro cha IP65, chosonyeza kuti sikirini ndi yotetezeka ku fumbi ndi madzi, chimanena za kutsogolo kokha, bokosi litatsekedwa bwino, ndipo sichikulolezani kuipopera ndi makina otsukira a puresha yaikulu.

Magetsi athima n'kubweranso. Manambala anga atayika?

Sayenera kutayika, chifukwa amasungidwa m'gawo la PLC losafufutika. Komabe onani zinthu ziwiri: ngati makina abwerera pa AUTO kapena akudikira inu, ndiponso ngati tsiku ndi nthawi zili zolondola. Wotchi ikabwerera ku chaka chakalekale, kabatire ka m'kati katha, ndipo mbiri ya ma alamu idzakhala yosathandiza mpaka mutakasintha. Ngati sikirini yangoda yokha makina akuyenda, ikhudzeni pakona popanda batani, mwina yangogona. Ikapanda kudzuka, wamagetsi aone fuzi ndi magetsi a 24 V.

Pali pobayira USB. Nditha kutchajapo foni kapena kubaya fulashi yanga?

Musatero. Pamenepo ndi pokopera mbiri ya makina ndi kuikira pulogalamu, pogwiritsa ntchito fulashi ya pantchito yoyesedwa kale. Vairasi ya Stuxnet, imene inadziwika mu 2010, inkafalikira pa mafulashi ndipo inkalimbana ndi ma PLC a Siemens pa malo a nyukiliya a ku Natanz, ku Iran. Sefa yanu palibe akuisaka chotero, koma fulashi imene yazungulira m'makompyuta khumi imanyamula zambiri.

Pomaliza shifiti ndimusiyire chiyani mnzanga?

Lembani DP isanatsuke ndi itangotsuka, pamodzi ndi kuchuluka kwa madzi kapena mpweya umene umadutsa pa nthawiyo. Lembani chiwerengero cha maulendo otsuka, ma alamu amene analira ndi zimene munachita, ndiponso nambala iliyonse imene mwasintha, yakale ndi yatsopano. Ngati pali chimene chatsala pa MANUAL, musangolemba. Mutengeni mnzanuyo mpaka pa sikirini, mumuonetse valavu yake ndi chifukwa chake. Kenako tulukani pa dzina lanu, alowe pa lake.